Kodi liwu loti massage linachokeradi ku Chiarabu?

Aliyense amene anachongako makope a Chingerezi amalidziwa vuto ili. Wophunzira akufuna kulemba kuti walandira uthenga kuchokera kwa amalume ake, koma m'malo mwa message walemba massage. Chasintha ndi chilembo chimodzi chokha, koma chiganizo chonse chalowera kwina: amalume aja sanatumizenso uthenga, abwera kudzamutikita msana. M'kalasi timaseka. Pa mayeso a MSCE kapena m'kalata yofunsira ntchito palibe amene angaseke nawe.

Mawu awiriwa si pachibale ngakhale pang'ono. Message linachokera ku mneni wa Chilatini mittere, kutanthauza kutumiza, ndipo lakhala m'Chingerezi zaka pafupifupi 700. Massage ndi mlendo wa dzulodzuloli, sanakwanitse n'komwe zaka 200 m'chiyankhulocho. Ophunzira athu asadzione ngati okhawo osokoneza. Mu 1967 mphunzitsi wina wotchuka wa ku Canada, Marshall McLuhan, anatulutsa buku lotchedwa The Medium is the Massage. Mwana wake ankasimba kuti liwu lomaliza pa mutuwo limayenera kukhala message, osindikiza ndiwo analakwitsa, koma mwini buku ataona anakondwera nazo n'kunena kuti zikhale choncho.

Chifukwa chenicheni cholembera nkhaniyi n'china. Pakati pathu pamamveka kawirikawiri kuti massage ndi limodzi mwa mawu amene Azungu anatenga ku Chiarabu, monga algebra, sugar ndi cotton. Ena amapitirira n'kunena kuti ndi mas-h yemweyo amene timachita pa wudhu. N'zokoma kumva, ndipo mbali ina ndi zoona. Koma wophunzira amene angakanene zimenezi pa mtsutso wa masukulu ayenera kudziwa pamene pali nthaka yolimba ndi pamene pali matope, chifukwa akakumana ndi mnzake wowerenga bwino adzamufunsa mafunso awiri kapena atatu amene tiwaone m'munsimu.

Zimene palibe akutsutsa

Chingerezi chinabwereka liwuli ku Chifalansa m'zaka za pakati pa 1850 ndi 1900. Umboni uli m'katchulidwe komwe. Kumapeto kwa massage kumamveka mofewa ngati kumapeto kwa garage, liwu linanso la Chifalansa limene ife tinalisandutsa galaja, pamene kumapeto kwa message kumamveka ngati kwa village. Kachidutswa ka -age m'Chifalansa kamatenga mneni n'kumusandutsa dzina la ntchitoyo. Mneni wake ndi masser. Wogwira ntchitoyo ngati ali wamwamuna ndi masseur, wamkazi ndi masseuse, ndipo Angerezi anatenga onsewa mmene analili. Anthu a ku Britain amatsindika chiyambi cha liwuli, a ku America amatsindika mapeto, onse akulondola.

Funso tsopano lasamuka. Afalansa anamutenga kuti masser? Akatswiri a mbiri ya mawu akafika apa sayamba ndi kumvetsera kuti liwu likufanana ndi liti. Amayamba ndi kufufuza buku lakale kwambiri limene liwulo linalembedwamo, chaka chake, amene analemba, ndi kumene anali. Pa masser, kufufuzako kumathera pa buku la mu 1779, lolembedwa ndi munthu amene sanali dokotala kapena katswiri wa ziyankhulo. Anali katswiri wa zakuthambo dzina lake Guillaume Le Gentil, ndipo mbiri yake ndi yoti tiimepo pang'ono.

Le Gentil ananyamuka ku France mu 1760 kupita ku Pondicherry, doko la Afalansa ku India, kuti akaone Venus, nthanda ija timaiona m'bandakucha, ikudutsa pamaso pa dzuwa mu June 1761. Poyeza nthawi ya kudutsako kuchokera m'madera osiyanasiyana a dziko, akatswiri ankafuna kuwerengera mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa. Ali m'njira anamva kuti Angerezi alanda Pondicherry pa nkhondo, ndipo tsikulo linamupeza ali m'chombo pakati pa nyanja. Kumwamba kunali koyera, koma chombo chinkagwedezeka moti sakanatha kuyeza kanthu. Venus amadutsa kawiri motalikirana zaka 8, kenako n'kutha zaka zoposa 100 osadutsanso. Munthuyo anasankha kudikira. Anayendayenda ku Mauritius, Madagascar ndi Manila, n'kukafika ku Pondicherry, kumene anamanga malo ake oonera nyenyezi. M'mawa wa tsiku lenilenilo mu June 1769, mitambo inaphimba dzuwa. Pofika kwawo mu 1771 anapeza atamuyesa wakufa, mpando wake ku bungwe la akatswiri a sayansi atapatsa wina, achibale ali pa chuma chake.

Zimene anapitira sanazipeze. Koma m'buku la ulendo wake, Voyage dans les mers de l'Inde, analemba za moyo wa anthu a ku India, kuphatikizapo chizolowezi chawo chokanda ndi kutikita ziwalo za munthu wotopa, ndipo ntchitoyo anaitchula ndi mneni masser. Sungani chakachi, 1779, ndi dzikolo, India. Tizifuna posachedwa.

Mboni ya Chiarabu

Patangopita zaka zochepa, Mfalansa wina, Claude-Étienne Savary, anatulutsa makalata ake ofotokoza dziko la Egypt, mu 1785 ndi 1786. Uyu Chiarabu ankachidziwa, pakuti mu 1783 anali atatulutsa kale Qur'an yomasuliridwa m'Chifalansa. Pofotokoza nyumba zosambiramo za ku Cairo, zotchedwa hammam, anasimba mmene wantchito wa mmenemo amagwirira thupi la wosamba atatenthedwa ndi nthunzi, ndipo ananena kuti masser anachokera ku mneni wa Chiarabu mass, kukhudza mofatsa. Madikishonale akuluakulu ambiri, monga Trésor de la langue française wa ku France ndi Merriam-Webster wa ku America, amatsata maganizo amenewa mpaka lero.

Mabuku ena amawonjezera kuti asilikali a Napoleon ndiwo anabweretsa liwuli kuchokera ku Egypt. Apa wophunzira wa Fomu 2 akhoza kuwakonza akuluakulu. Napoleon anafika ku Egypt mu 1798, pamene liwuli linali litasindikizidwa kale zaka 19 m'mbuyomo. Mwana sabadwa mayi ake asanabadwe. Chimene tinganene n'chakuti asilikali ndi madokotala amene anabwerako ku Egypt mu 1801 ayenera kuti anathandiza kulifalitsa, poti dzina loti massage likuyamba kuoneka m'mabuku a Chifalansa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800.

Tsopano tilowe m'Chiarabu momwemo, pakuti apa ndi pamene ambiri timasakaniza. Amene anadutsa ku madrasa akudziwa kuti mawu ambiri a Chiarabu amamera pa mizu ya zilembo zitatu. Pali mizu itatu imene khutu losazolowera limaimva ngati umodzi.

Woyamba ndi mim, sin, sin, umene umapereka mneni massa, kukhudza. Ndi umene uli mu Surat Al-Waqi'ah ndime 79 pa nkhani ya amene ayenera kukhudza Buku lolemekezeka. Ndi umenenso uli m'mawu a Maryam mu Surat Maryam ndime 20, pamene akudabwa za kukhala ndi mwana mwamuna asanamukhudze, ndiponso m'pempho la Mneneri Ayyub, mtendere ukhale pa iye, mu Surat Al-Anbiya ndime 83, pamene akunena za mavuto amene amugwera. Taonani kuti Chichewa chimayenda njira yomweyo. Timakhudza mbale ndi dzanja, komanso timati maliro awa atikhudza tonse. Uwu ndiye muzu umene Savary ndi madikishonale aja akunena.

Wachiwiri ndi mim, sin, ha, ha wake ndi uja wapakhosi amene ana amavutika naye masiku oyamba. Umapereka masaha, kupukuta kapena kuyendetsa dzanja pamwamba pa chinthu. Uwu ndiye wa mas-h wa pamutu pa wudhu ndi wa tayammum, monga zilili mu Surat Al-Ma'idah ndime 6, komanso wa kupukuta pa khuff. Dzina loti Al-Masih la Mneneri Isa, mtendere ukhale pa iye, limalumikizidwa ku muzu umenewu, ndipo m'Chiheberi muli m'bale wake wotanthauza kudzoza mafuta, kumene kunachokera liwu loti Mesiya. Kodi masser sangakhale atachokera kuno? Chifalansa chilibe ha wapakhosi, choncho chikanamutaya, ndipo pali olemba ena amene anaganizapo motero. Koma mboni imene inali ku Cairo inatchula mass, osati mas-h. Amene akunena kuti massage ndi mas-h wa pa wudhu akulumpha sitepe imene umboni sunapondepo.

Wachitatu ndi woseketsa. Tikalitchula liwuli Chichewa timati masaji, ndipo pafupi pomwepo pali masajid, kuchulukitsa kwa masjid. Palibe ubale uliwonse. Masjid muzu wake ndi sin, jim, dal, wa sajda, kugwetsa nkhope pansi, ndipo ma- wa kumayambiriro ndi wosonyeza malo, monga mu madrasa ndi maktab. Chodabwitsa n'chakuti liwu lathu loti mzikiti, limene silimveka ngati masjid kwenikweni, ndilo mdzukulu wake weniweni, kudzera mu msikiti wa Chiswahili. Ofanana nkhope sali pachibale, osafanana ndiwo a mimba imodzi. Ndi chifukwa chake akatswiri sakhulupirira khutu lokha.

Funso lovuta

Tiyerekeze kuti muli pa mtsutso paja, mwanena kuti massage linachokera ku massa. Mnzanu akuimirira n'kufunsa kuti, nanga Aarabu eni ake ntchitoyi ankaitchula kuti massa? Yankho loona ndi lakuti ayi. Liwu lawo ndi dalk kapena tadlik, kuchokera ku mneni dalaka, kutikita. Wantchito wa mu hammam uja Savary anamuona dzina lake ndi dallak, ndipo anthu a ku Turkey analibwereka n'kumati tellak. Ophunzira fiqh alidziwa liwuli: dalk ndi kutikita chiwalo ndi dzanja pochisambitsa, chimene madh-hab a Imam Malik amachiyesa chokakamizidwa pa wudhu ndi pa ghusl, pamene kwa Imam Shafi'i ndi sunnah.

Ndi liwu lomwelinso limene Ibn Sina, amene anakhala ndi moyo kuyambira 980 mpaka 1037, anagwiritsa ntchito m'buku lake lalikulu la zamankhwala, Al-Qanun fi al-Tibb. M'gawo loyamba la bukulo, pa nkhani yosunga thanzi, anasiyanitsa mitundu ya dalk: wamphamvu ndi wofewa, wautali ndi wapakatikati, wa nsalu yokhakhala ndi wa chikhatho kapena mafuta. Anasiyanitsanso kutikita kokonzekeretsa thupi munthu asanayambe masewera olimbitsa thupi ndi kutikita kobwezeretsa thupi akamaliza. Anyamata a timu ya mpira aona kuti zimene amawachita osewera akuluakulu asanalowe m'bwalo ndi potuluka zinalembedwa kale zaka 1,000 zapitazo. Bukuli linamasuliridwa m'Chilatini ku Toledo m'zaka za m'ma 1100 ndipo linaphunzitsidwa m'masukulu a udokotala a ku Ulaya kwa zaka mazana angapo. Komabe silinapereke liwu loti massage kwa Azungu. Luso linadutsa njira ina, liwu linadutsa ina.

Kodi zimenezi zikugwetsa mboni ya Chiarabu? Osati kwenikweni. Mlendo akamabwereka liwu satenga nthawi zonse limene eni ake amaliyesa loyenera. Amatola limene walimva, nthawi zina n'kulipatsa ntchito yopapatiza kapena yosiyana. Ife tinatenga liwu la Chingerezi lotanthauza kagawo ka chinthu n'kupanga mayunitsi a foni, tanthauzo limene Mngerezi wa ku London sangalimve msanga. Koma tivomereze kuti mpata ulipo. Kukhudza mofatsa ndi kukanda minofu mwamphamvu ndi zinthu zotalikirana ndithu.

Mboni ya Chipwitikizi ndi ya Chigiriki

Mumpata umenewu ndi mmene mukulowa mboni yachiwiri. Kumbukirani kuti buku la 1779 lija likunena za India, osati Egypt. Apwitikizi anafika ku India mu 1498, pa ulendo wa Vasco da Gama umene unadutsa pa chilumba cha Mozambique, Mombasa ndi Malindi, ndipo mu 1510 analanda Goa. Kwa zaka zoposa 200 Chipwitikizi chosakanizika chinali chiyankhulo cha malonda m'madoko a India, moti Afalansa, Angerezi ndi Adatchi ankachigwiritsa ntchito poyankhula ndi antchito ndi amalonda a kumeneko. M'Chipwitikizi muli mneni amassar, kukanda ufa wa buledi. Chotsani a wa kumayambiriro, muike mapeto a Chifalansa, mwapeza masser. Tanthauzo likugwirizana bwino kuposa la Chiarabu, malo akugwirizana, nthawi ikugwirizana. Ife sitingadabwe kuti Chipwitikizi chimasiya mawu m'njira: nsapato, kalata, mbatata ndi kapitawo tinazitola kwa iwo omwewo.

Amassar anamera pa liwu la Chilatini massa, mtanda wa ufa wokanda. Onani msampha wina apa: massa wa Chilatini ndi massa wa Chiarabu amalembedwa mofanana m'zilembo zathu koma sadziwana. Wa Chilatiniyo ndiye kholo la mass amene mumaphunzira mu Physics ndi kumuyeza m'makilogalamu, ndipo iyeyo anachokera ku Chigiriki maza, mkate wa barele, m'bale wa mneni massein, kukanda.

Mneni wa Chigiriki ameneyu ndiye mboni yachitatu. Olemba ena a ku Ulaya ankakonda kunena kuti masser anatengedwa mwachindunji ku massein, mwina poti liwu la udokotala lokhala ndi kholo la Chigiriki limaoneka lolemekezeka. Mboni iyi ndi yofooka kuposa zinzake. Mawu amene madokotala anapanga kuchokera ku Chigiriki amayamba kuoneka m'mabuku a madokotala, pamene masser akuyamba kuoneka m'mabuku a apaulendo ofotokoza zimene anaona kum'mawa. Ndiponso Agiriki akale, monga Hippocrates, ntchitoyi ankaitchula kuti anatripsis, ndipo Aroma ankati frictio.

Maganizo anga ndi awa. Chigiriki tichiike pambali. Pakati pa Chiarabu ndi Chipwitikizi, Chiarabu chili patsogolo chifukwa chili ndi mboni ya nthawi yomweyo yodziwa chiyankhulocho, ndipo akatswiri ambiri aima nacho. Koma Chipwitikizi sichinagonje, ndipo pa Nyanja ya India, pamene amalinyero a Chiarabu, Chiswahili, Chigujarati ndi Chipwitikizi ankakumana m'madoko amodzimodzi, n'zotheka kuti mawu awiri ofanana kamvekedwe anathandizana kukhazikitsa liwu limodzi m'kamwa mwa Afalansa. Wophunzira akanena kuti madikishonale ambiri amalitengera ku mneni wa Chiarabu wotanthauza kukhudza, ngakhale ena amaloza ku Chipwitikizi, palibe angamugwetse. Akanena kuti n'zodziwikiratu, wapereka khosi.

Chimodzi chimene chimaonekera ponseponse n'chakuti anthu a ziyankhulo zambiri anaona thupi lotopa ngati ufa wofunika kukanda. M'Chiswahili kukanda ndi kwa ufa wa chapati komanso kwa msana wa munthu. Nafenso timakanda ufa wa mandasi ndi dothi loumbira mbiya, ngakhale kuti munthu ukamuuza kuti undikande kumsana adzabwera ndi zikhadabo.

Angerezi asanalandire massage

Liwuli lisanafike, Angerezi ankangoti rubbing kapena friction, ndipo anali ndi liwu linanso limene mungadabwe nalo: shampoo. Linachokera ku Chihindi champo, kulamula kuti kanda kapena finya, ndipo linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1760 likutanthauza kutikita thupi, osati sopo wa tsitsi. Amene analitchukitsa ndi Sake Dean Mahomed, wobadwira ku Patna mu 1759 m'banja la Chisilamu. Munthuyu anachita zambiri. Mu 1794 anasindikiza buku la maulendo ake, limene limawerengedwa ngati loyamba kulembedwa m'Chingerezi ndi Mmwenye. Mu 1810 anatsegula malo odyera zakudya za Chimwenye ku London, bizinesi imene inagwa. Mu 1814 anasamukira ku Brighton, m'mphepete mwa nyanja, n'kutsegula nyumba yosambitsa odwala nyamakazi ndi nthunzi ya mankhwala kenako n'kuwatikita. Inatchuka mpaka anapatsidwa udindo wochita zimenezi kwa mafumu awiri, George IV ndi William IV. Anamwalira mu 1851. Pambuyo pake shampoo linayamba kufupika tanthauzo, kuchoka pa thupi lonse kupita pa mutu, kuchoka pa kutikita mutu kupita pa kuutsuka, mpaka kuthera m'botolo. Malo amene linasiya ndi amene massage linadzakhalamo.

Linalowa kudzera kwa madokotala. Dokotala wa ku Amsterdam, Johann Georg Mezger, anatchuka kwambiri cha m'ma 1870 pochiza anthu a m'mabanja achifumu ndi manja, ndipo kuchokera kwa iye ndi omutsatira kunafala mayina a Chifalansa a kagwiridwe kosiyanasiyana amene akuphunzitsidwabe lero: effleurage, kusisita mopepuka, tapotement, kumenyamenya ndi m'mbali mwa manja, ndi pétrissage, limene likuchokera ku mneni wotanthauza kukanda ufa. Ufa uja wabweranso. Njira imeneyi ambiri amaitcha Swedish massage poiphatikiza ndi dzina la Per Henrik Ling, amene anayambitsa sukulu ya masewera olimbitsa thupi ku Stockholm mu 1813, ngakhale kuti mayina a Chifalansawo sanali ake.

Mmene liwu linadetsedwera

Makolo ena akamva liwuli amakwinya nkhope, ndipo ali ndi chifukwa. Kudetsedwaku kuli ndi chaka chake. Mu 1894 magazini ya madokotala a ku Britain, British Medical Journal, inaulula kuti nyumba zina za ku London zolembedwa massage pakhomo zinali zobisaliramo uhule, ndi kuti atsikana osauka ankalipiritsidwa ndalama za maphunziro abodza n'kugwera m'nyumba zimenezo. Nkhaniyi inawawa kwambiri amayi amene ankagwira ntchitoyi moona m'zipatala. Anamwino ndi azamba anayi, mmodzi mwa iwo Rosalind Paget, anayambitsa bungwe lotchedwa Society of Trained Masseuses. Anaika mayeso ndi ziphaso, ndipo malamulo awo oyambirira ankati membala azigwira odwala otumizidwa ndi dokotala okha, ndiponso asatikite thupi lonse la mwamuna. Bungweli linakula, linalandira chikalata cha mfumu mu 1920, ndipo mu 1944 linatenga dzina limene lili nalo lero, Chartered Society of Physiotherapy. Choncho mafizo amene agogo amapita kukachita kuchipatala atadwala sitiroko, mbali ina ya mbiri yake inayambira pa amayi amene anakana kuti dzina la ntchito yawo liwonongeke. Ndi chifukwa chakenso ambiri ogwira ntchitoyi masiku ano safuna kutchedwa masseuse, amakonda massage therapist.

Liwu limodzi lomweli tsono limakhala m'nyumba zosiyana kwambiri, ndipo womasulira ayenera kuyang'ana nyumbayo asanasankhe liwu la Chichewa. M'chipinda cha amayi oyembekezera, uterine massage ndi pamene mzamba asisita mwamphamvu pamimba pa mayi amene wangobereka kuti chiberekero chikhwimbe, magazi asiye kutayika. Cardiac massage ndi kudinikiza pachifuwa cha munthu amene mtima wake waima, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, njira imene madokotala a ku Johns Hopkins ku America anaifotokoza mu 1960. Apa palibe chofatsa chilichonse, nthiti zimatha kuthyoka, ndipo tafika kutali kwambiri ndi kukhudza kofewa kwa Savary.

Pali matanthauzo enanso ophiphiritsa amene amapezeka m'nyuzipepala ndi m'ndime za mayeso. Mngerezi akanena kuti wina wachita massage manambala, akutanthauza kuti wawakonzakonza kuti aoneke bwino kuposa mmene alili, osanama poyera koma kufinya apa, kukweza apo. Akuluakulu a komiti amene amawerenga malipoti a zachuma a m'Chingerezi alidziwe tanthauzo limeneli, poti likalembedwa ndi wowerengera ndalama za bungwe si chiyamikiro. Akanenanso za kuchita massage ego ya munthu, ndiye kumunyengerera ndi mawu okoma, kumupaka mafuta pakamwa.

Pa mbali iyi Chichewa n'cholemera kuposa Chingerezi, pakuti pamene iwo ali ndi liwu limodzi ife timasiyanitsa. Mwana akalira timamusisita. Mwendo ukachita dzanzi kapena minofu ikamangika timatikita. Bondo likatupa, kapena mayi akangochira, anthu amathowa ndi kansalu ka madzi otentha, ndipo kuthowa kulibe liwu limodzi lolimasulira m'Chingerezi. Wophunzira womasulira chiganizo chokhala ndi massage ayambe wafunsa kuti dzanjalo likuchita chiyani, likulemera bwanji, ndipo pali madzi, mafuta kapena palibe.

Ulendo wa liwuli sunathere ku London. Chipwitikizi cha lero chimati massagem, ndipo chinalitenga ku Chifalansa, osati ku amassar wake uja. Chiarabu nachonso chinalilandira. M'misewu ya Cairo, Beirut ndi Dubai zikwangwani zambiri zimalembedwa masaj, mim, sin, alif, jim, pambali pa tadlik wakale uja. Ngati Savary ananena zoona, ndiye kuti massa anachoka ku Cairo zaka zoposa 200 zapitazo, anakavala -age ku Paris, n'kubwerera kwawo ali ndi jim kumapeto amene sanapite naye.